Penti Ndi Khungu la Galimoto

Pali madandaulo ena amene munthu acita nao manyazi kuwatulutsa pagulu. Wina akadandaula kuti feteleza wafika mocedwa, kapena kuti mtengo wa ufa wakweranso, aliyense agwedeza mutu namumvera cifundo. Koma wina akanena kuti penti ya galimoto yake yatsopano siinapakidwe bwino, anthu angoyang'anana, ndipo camumtima ati: "Uyu wakhuta. Anzake alibe ndi njinga yomwe, iye alira maonekedwe." Mau otere ndinawamva ndi makutu anga m'caka ca 2025, ena a iwo kucokera kwa abale anga enieni. Ndalemba nkhani ino, okondedwa owerenga, kuti ndilongosole cifukwa cake banja lathu linakana kukhala cete, ndiponso kuti iwo amene akonzekera kugula galimoto yoyendera magetsi adziwe pamene ayenera kuponya maso.

Galimoto imene ndinena siinagulidwe kuti tiziyendera kokaceza. Nditapuma pa nchito ya uphunzitsi, ine ndi mai wa kunyumba tinakhala pansi ndi kugwirizana kuti ndalama za penshoni zisathere m'mimba. Mwana wathu wacisamba anali atatha zaka zingapo alikuyendetsa galimoto ya munthu wina, kunyamula anthu mu Lusaka, ndipo madzulo alionse ankabwera ndi nkhani imodzimodzi, yakuti gawo lalikulu la zimene wapeza latsala pomwetsera petulo. Pamene Nduna ya Zacuma, a Situmbeko Musokotwane, anawerenga bajeti ya 2024, analengeza kuti boma licotsa msonkho wa kasitomu pa magalimoto, mabasi ndi njinga zamoto zoyendera magetsi. Pamenepo tinayamba kuwerengera. Tinaphatikiza penshoni, ndalama za nkhuku za mai, ndi ngongole ya ku banki ya zaka zinai, ndipo m'mwezi wa Juni 2025 tinatenga galimoto yofiira, yatsopano ndithu, imene munthu wina anali asanaiyendetsepo.

Anzanga anaticenjeza za magetsi. Onse ankakumbukira cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo nyumba zathu zinkakhala mumdima maola ambiri pa tsiku. Aliyense ankafunsa kuti: "Nanga mudzaichaja ndi ciani?" Funso limenelo tinali titalipezera kale yankho. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anachulapo za penti.

Zimene tinaona

Tsiku lokaitenga, ine ndi mwana wanga tinaizungulira kawiri pamodzi ndi mnyamata wogulitsa. Pamwamba pa denga tinapeza timiyulu tiwiri tonga mcenga, ndipo titapitisapo cala tinamva kuti tili mkati mwa penti, pansi pa kunyezimira kwake. M'mphepete mwa citseko cakumbuyo munali dontho louma, longa la kandulo imene yasungunuka. Tinapempha kuti zonsezi zilembedwe pa pepala loperekera galimoto, ndipo tonse tinasainapo. Mnyamatayo anati: "Musade nkhawa, abambo, izi n'zazing'ono. Mukabwera ku sevisi yoyamba tidzapukuta ndi polishi."

Patapita mlungu umodzi, mai anali kuitsuka m'mamawa, dzuwa lisanakwere, ndipo anandiitana: "Abambo, tabwerani kuno muone ici." Kuwala kwa dzuwa kukacokera cam'mbali sikubisa kanthu. Mbali ya kumanzere inali yosalala ngati galasi, koma ya kumanja inali ya timakwinya tonga khungu la lalanje, moti cithunzi ca mtengo wa mango cinkaoneka cogwedezeka. Kufiira kwa bampala kunali kosiyana pang'ono ndi kwa thupi lonse. Titatsegula zitseko, tinaona kuti m'mafelemu mwake penti inangonunkhizidwa cabe, ndipo kutuwa kwa pansi kunali kuonekera. Pofika mlungu wacisanu ndi cimodzi, pa citsulo ca m'munsi mwa zitseko za kumanja, kumbuyo kwa tayala lakutsogolo, penti inayamba kumatuka ngati khungu la mbatata yophika.

Titabwerera kwa ogulitsa, mau anali atasintha. Iwo anati imeneyo ndi miyala ya m'miseu yathu, ndipo waranti siilipira zoonongedwa ndi miyala. Kunyumba nakonso kunali maganizo awiri. Mwana wanga anati: "Atate, tiyeni tingozisiya. Okwera sayang'ana pansi pa citseko. Galimoto ikakhala ku galaja milungu iwiri, a banki tidzawauza ciani?" Mau akewo anali ndi nzeru, pakuti ngongole siidziwa kuti galimoto yaima. Komabe mtima wanga sunakhazikike, cifukwa ndinadziwa kuti mvula ya Novembala idzafika citsulo cili pambalambanda. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, motero ndinapita kwa mmisiri wina wacikulire amene wakhala alikupopera penti magalimoto kuyambira m'masiku a UNIP.

Mmene penti ya ku fakitale ipakidwira

Mmisiriyo sanayambe ndi kulankhula. Anaturutsa kacipangizo konga telefoni yam'manja, kamene kapima kucindikala kwa penti, nayamba kukagunditsa pa galimoto malo ndi malo. Muyeso wake achula kuti maikiloni, ndipo maikiloni imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Pa magalimoto ambiri atsopano penti yonse pamodzi ikhala pakati pa maikiloni 100 ndi 150, ndiye kuti kuposa pang'ono pepala limene mulikuwerengali. Kanthu kopyapyala coteroko ndiko kaima pakati pa citsulo ndi mvula kwa zaka khumi kapena kuposerapo.

Kumanzere kwa galimoto yathu kacipangizo kanaonetsa manambala a pakati pa 110 ndi 130. Pamene penti inali kumatuka kanaonetsa 60 ndi 70. Pa citseko ca dontho lija kanapitirira 250. Mmisiri anandiyang'ana nati: "Acikulire, citseko ici cinapoperedwa kawiri galimoto isanafike kwa inu. Ndipo apa pansi mwala sunalakwe wokha. Mwala ukagunda penti yabwino usiya kabala kamodzi. Penti ikamatuka m'mbali mwa bala, ndiye kuti siinagwire kuyambira paciyambi."

Zimene anandiuza tsiku limenelo, ndi zimene ndinawerenga pambuyo pake, ndi izi. Thupi la galimoto likalumikizidwa, litsukidwa kuti mafuta onse acoke, kenaka liviikidwa m'mankhwala amene akonza citsulo kuti penti igwire. Pambuyo pake thupi lonse limizidwa m'thanki yaikulu ya penti yotuwa, ndipo mphamvu ya magetsi ikokera pentiyo pa citsulo, kufikira m'makona mmene dzanja silingafike. Umenewu ndiwo mkute woyamba, wa maikiloni pafupifupi 20, ndipo ndiwo mlonda weniweni woletsa dzimbiri. Uocedwa mu uvuni wotentha madigiri 170 kapena 180. Njira imeneyi inayamba kugwiritsidwa nchito m'mafakitale a Ford m'zaka za m'ma 1960, ndipo ndi cimodzi mwa zifukwa zimene magalimoto a masiku ano saola msanga monga ankacitira akale. Pamwamba pake pabwera penti yosalaza, imenenso ilandira nkhonya za miyala. Kenaka pabwera ya mtundu, yofiira kapena yoyera, imene ili yopyapyala koposa zonse. Pomaliza pabwera yoonekera mkati ngati vanishi, ya maikiloni 40 kapena 50, imene inyezimira ndi kuchinga dzuwa. Zomalizazi ziocedwa pa madigiri pafupifupi 140.

Colakwika ciliconse cili ndi gwero lake. Timiyulu ta mcenga ndi fumbi limene linagwera penti ikali yaiwisi. Dontho libwera penti ikaculuka pamalo amodzi. Khungu la lalanje lioneka penti ikauma isanayale bwino. Bampala isiyana mtundu cifukwa ndi ya pulasitiki, ndipo kawirikawiri ipakidwa payokha, nthawi zina ku fakitale ina. Kumatuka ndiko kuopsa koposa, pakuti kutanthauza kuti mkute wina sunagwirane ndi unzake.

Pali mfundo imodzi imene wogula aliyense ayenera kuisunga. Kutentha kwa madigiri 140 kutheka pokhapo thupi likali lopanda kanthu. Akaikamo mipando, mawaya, mapulasitiki ndi batire, galimoto siingalowenso mu uvuni wotere. Penti ya ku galaja iumitsidwa pa madigiri pafupifupi 60, ndipo pa galimoto ya magetsi opanga aikanso malire a kutentha ndi a nthawi, cifukwa batire lake silifuna moto. Cotero penti ya ku fakitale ipakidwa kamodzi kokha pa moyo wa galimoto. Mmisiri waluso angathe kuiyandikira, koma sangaibweze.

Liwiro la mafakitale

Wina angafunse kuti: kodi magetsi ndiwo aononga penti? Iai. Penti ya galimoto ya magetsi ipakidwa monga ya galimoto ya petulo. Cimene cisiyana ndi liwiro limene magalimotowa apangidwira. Bungwe la International Energy Agency linawerengera kuti m'caka ca 2023 pa dziko lonse panagulitsidwa magalimoto a magetsi pafupifupi 14 miliyoni, ndipo mu 2024 anapitirira 17 miliyoni, ndiye kuti galimoto imodzi mwa zisanu zilizonse zatsopano. Mafakitale atsopano amangidwa mofulumira, akale aumirizidwa kuturutsa zambiri, ndipo cipinda copakira penti ndico cimene sicilola kuthamangitsidwa.

Vuto limeneli ndi lakale monga galimoto yomwe. Pa ciyambi penti inkatenga milungu kuti iume, ndipo magalimoto ankadzaza m'nyumba zosungira kudikira. Kuyambira 1914 kufikira 1925 Henry Ford ankagulitsa Model T yakuda yokhayokha. Zinthu zinasintha pamene kampani ya DuPont inapanga penti yochedwa Duco, youma m'maola owerengeka, imene General Motors inayamba kuigwiritsa nchito pa magalimoto a Oakland a 1924. Patapita zaka pafupifupi zana, nkhani inali yomweyo. M'caka ca 2020 kampani ya Tesla inapereka kwa ogula magalimoto ocepera pang'ono pa 500,000, ndipo kumayambiriro kwa 2021 mkulu wake Elon Musk, poceza ndi katswiri wa magalimoto Sandy Munro, anavomera kuti pamene anaonjezera liwiro la fakitale, penti siinkapeza nthawi yokwanira kuuma. Galimoto yathu si ya kampani imeneyo, koma mau akewo anandithandiza kumvetsa kuti makina angakhale anzeru cotani, penti ifuna nthawi yake.

Kwathu kuno penti yofooka ivutika kawiri. Lusaka ali pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo dzuwa la Okutobala lipsereza. Miseu yambiri ya m'makomboni ndi ya miyala. Galimoto ya magetsi ndi yolemera cifukwa ca batire, ndipo inyamuka ndi mphamvu nthawi yomweyo, motero matayala ake aponya timiyala pa citsulo ca m'munsi mwa zitseko, pafupi ndi pamene batire likhala. Cinanso n'cakuti galimoto ifika kuno itayenda panyanja, kenaka makilomita pafupifupi 1,900 ngati yatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowera pa Nakonde. Pa ulendo wotere ingathe kukalika ndi kukonzedwa mwakacetecete, wogula osauzidwa.

Zimene tinapempha

Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Tinalemba kalata kwa mkulu wa kampani yogulitsa. M'kalatamo sitinatukwane munthu. Tinandandalika zolakwika cimodzicimodzi, tinaikamo zithunzi zokhala ndi masiku ake, kope la pepala limene tinasaina tsiku loyamba, ndi manambala a mmisiri uja. Tinakumbutsanso kuti lamulo la dziko lino la 2010 loteteza ogula liletsa kugulitsa katundu wokhala ndi cilema, ndi kuti bungwe la Competition and Consumer Protection Commission lilandira madandaulo otere. Tinapempha yankho lolembedwa.

Panapita milungu itatu. Kenaka anatiitana, napima okha ndi kacipangizo kao, ndipo manambala anafanana ndi athu. Pepala la tsiku loyamba ndilo linatithandiza koposa, cifukwa linasonyeza kuti zilema zinalipo galimoto isanaponde mwala uliwonse wa mseu wathu. Tinapempha galimoto ina, koma anakana. Anati adzapoperanso mbali yonse ya kumanja.

Apa mmisiri uja anatipatsanso uphungu umene sindinauyembekezere. Iye anati tisalole kupopera mbali yonse. Khungu la lalanje ndi loipa m'maso cabe, koma pansi pake pali penti ya ku fakitale yoocedwa bwino. Kulisalaza ndi sandipepa kudya mkute wapamwamba umene uchinga dzuwa, ndipo kulipoperanso ndiko kusinthanitsa penti yolimba ndi yofewerapo. Anaticenjezanso kuti tsiku limene tidzagulitsa galimotoyo, wogula wocenjera adzabwera ndi kacipangizo kake, ndipo akadzapeza penti yocindikala adzaganiza kuti inacitapo ngozi, nadzatsitsa mtengo.

Motero tinagwirizana zinthu zinai. Coyamba, akonze pokhapo pamene penti inamatuka ndi m'mafelemu a zitseko. Caciwiri, atipatse kalata ya cidindo yonena malo amene apopera, ndi kuti cifukwa cake cinali cilema ca ku fakitale osati ngozi, ndipo m'kalatamo achulenso citseko cimene cinapoperedwa tisanagule. Cacitatu, waranti ya penti ndi ya dzimbiri ikhalebe yamoyo pa malo okonzedwawo. Cacinai, aike zochinga matope kumbuyo kwa matayala, ndi pulasitiki yomata yoteteza citsulo ca m'munsi. Zonsezi anacita popanda ife kulipira.

Sindinena kuti tinapambana zonse. Galimoto inakhala ku galaja masiku 16, ndipo kampani inakana kubweza ndalama zimene mwana wanga akanapeza pa masiku amenewo. Ngongole ya mwezi umenewo inalipidwa ndi nkhuku za mai. Timiyulu tiwiri ta padenga tilipobe, ndipo mbali ya kumanja ikali ndi makwinya ake. Koma mvula inafika citsulo cili cophimbika, ndipo kufikira lero sitinaone dontho la dzimbiri.

Kwa amene mukonzekera kugula

Tengani galimoto masana, panja, itatsukidwa ndi kuuma. Magetsi a m'nyumba yoonetsera magalimoto akometsa ciliconse, ndipo madzi abisa zokalika. Imani kutsogolo ndi kuyang'ana motsata mbali yake, maso ali pafupi ndi citsulo. Tsegulani zitseko zonse, boneti ndi buti, muone m'mafelemu. Gwadani muone pansi pa zitseko. Ngati n'kotheka tengani mmisiri wokhala ndi kacipangizo kopimira, pakuti ndalama imene mudzamupatsa ndi yocepa poyerekeza ndi mtengo wa citseko cimodzi. Ciliconse cimene mwaona cilembedwe musanasaine, ndipo tengani kope lanu. Werengani waranti mudziwe zaka za penti ndi zaka za dzimbiri, cifukwa kawirikawiri zisiyana, ndipo waranti ya dzimbiri ya makampani ambiri ilipira pokhapo citsulo cikaboola kucokera mkati. Lonjezo la pakamwa lakuti "tidzakonza pa sevisi" musalilandire lopanda pepala. Mukafika nayo kunyumba, musalole zitosi za mbalame kapena utomoni wa mitengo kugona pa penti, ndipo musaitsuke ndi sopo waufa wocapira zobvala.

Tonse tidziwa mwambi wa cikomekome ca mkuyu, ndipo n'zoona kuti munthu sayenera kunyengedwa ndi zakunja. Koma pa galimoto, cakunjaco ndico cisunga cam'kati. Munthu wosauka amene wagula ndi ngongole ndiye afunika penti yabwino koposa wolemera, pakuti wolemera asintha galimoto ikangoyamba kutuwa, pamene ife tiyenera kukhala nayo mpaka ngongole ithe, ndi kupezanso kanthu poigulitsa.

Ndiponso tisaiwale kuti m'magalimoto amenewa muli thukuta lathu. Galimoto ya magetsi idya mkuwa woposa kawiri wa galimoto ya petulo, ndipo mkuwa ndiwo cuma cimene ana athu akumba ku Copperbelt ndi ku Solwezi. Mu Epulo 2022 dziko lathu ndi la Democratic Republic of Congo anasainirana pangano mu Lusaka lakuti agwirizane pa nchito yopanga mabatire a magalimoto otere. Mkuwa wathu ukamapita kunja upimidwa, ndipo wosafika pa muyeso salipira mtengo wathunthu. Si mwano tsono, ndipo si kudzikuza, ngati nafenso tipima zimene atitumizira, ndi kupempha mwaulemu, molemba, kuti amene walandira mtengo wathunthu apereke nchito yathunthu.